Njovu zili kuseri kwa Bauleni

Mphepo ya Ogasiti ku Kanyama siyembekeza dzuwa. Isanakwane 6 koloko inali itayamba kale kuulutsa fumbi ndi timapepala ta pulasitiki m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo mlongo wanga anali pakhonde akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto. Magetsi anali atazima dzulo lake masana. Chinali chaka cha 2024: mvula inakana, madzi a m'damu la Kariba anatsika, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Kuyambira pamenepo ngakhale nyumba zokhala ndi chitofu cha magetsi zinabwerera ku makala, amene kuno timawatcha malasha.

Ulendo wa tsikulo unabadwa usiku wa dzulo lake. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa giredi 7, ankaloweza mayina a mapaki a nyama pokonzekera mayeso: Kafue, South Luangwa, Lower Zambezi, Mosi-oa-Tunya, Kasanka, Liuwa. Ankawatchula mosadodoma, ngati akuwerenga abale ake. Nditamufunsa ngati anaonapo njovu, analowa m'nyumba n'kubwera ndi kandalama ka 50 ngwee, n'kundilozera njovu yodindidwa pamenepo. Njati anati anaiona pa K100, nyalugwe pa K50. Sankachita nthabwala ayi, ankayankha funso monga analimvera. Ndinamuuza kuti njovu zamoyo zili pafupi pomwepa, kuseri kwa Bauleni, koti munthu n'kupita m'mawa n'kudzagona kunyumba. Anayang'ana amayi ake kuti aone ngati malume akunena zoona. Mlongo wanga nayenso sankadziwa, chonsecho wakhala mu Lusaka zaka zoposa 20.

Tinanyamuka 7 koloko itangopitirira. Woyenda mu Kanyama amayenda maso ali pansi, chifukwa njira zake n'zamiyala: miyala yotuwa, yobookabooka ngati chulu chogumuka, imene imatumphuka m'nthaka pakhomo pa nyumba, pabwalo la tchalitchi, ngakhale pakati pa msewu. Imeneyi ndi misana ya thanthwe lalikulu la njereza limene mbali yaikulu ya Lusaka inakhalapo. Dothi la pamwamba pake n'lochepa, dera n'lathyathyathya, ndipo madzi a pansi ali pafupi. N'chifukwa chake zimbudzi zambiri kuno n'zokwezeka, zochita kukwera ndi masitepe, poti wokumba amangofika m'chiuno n'kukumana ndi mwala. Dzinja likafika madziwo amakwera, n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi, n'kulowa m'zitsime zosaya. Akuluakulu amakumbukirabe kusefukira kwa madzi kwa 1978. Za kolera ngakhale ana safunika kuwauza. Ya 2017 mpaka 2018 inagwira kwambiri kuno, ndipo mu Januwale chaka chomwecho cha 2024 odwala ankagonekedwa mu National Heroes Stadium, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa.

Pampopi wolipira panali mzere wa zigubu zachikasu, zina zitapanidwa ndi miyala kuti mphepo isazitenge. Eni ake anali atakhala m'mbali mwa khoma, chifukwa magetsi akazima makina opopa madzi nawo amaima. Mayi wina wachikulire, mnansi wa mlongo wanga, anationa titavala nsapato zoyendera.

"Ba malume, muyenda kuti kuseni kuno na mwana?"

"Tikukaona nyama, amayi, ku Lusaka National Park."

"Nyama za ndani?"

Ndinasowa poyambira. Lamulo la 2015 loyendetsa za nyama zakutchire limati nyama zonse zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo anthu amangofupikitsa kuti nyama za boma. Yankho limenelo n'loona koma silikhutitsa, ndipo mnyamata anali atayamba kundikoka dzanja. Ndinangolonjeza kuti tidzawauza pobwera.

Chimene ndikanawauza pomwepo ndi cha madzi. Lusaka amamwa kuchokera kuwiri. Madzi ena amapopedwa mumtsinje wa Kafue pa Iolanda n'kubwera ndi mapaipi, ena ochuluka ndithu amachokera m'mijigo yoboola thanthwe lomwe lija. Thanthwelo lili ndi ming'alu ndi mapanga, ndiye mvula ikagwa pamalo a mitengo ndi udzu imalowa pansi msanga. Amodzi mwa malo amene madzi amalowera kwambiri ndi chitunda cha kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, chimene kale chinali nkhalango yotetezedwa ya nambala 26. Pakiyo inadulidwa m'nkhalango imeneyo. Mwala umene mayi aja amapunthwapo popita ku mpopi ndi umenenso mbidzi zimaponda kumeneko.

Tisanafike pokwerera basi tinadutsa pamsika wa malasha. Nthaka yake ndi yakuda bii, ndipo amayi ogulitsa anali atadziphimba kumaso ndi nsalu chifukwa cha phulusa louluka. Matumba akuluakulu, omangidwa mitu ndi luzi ndi timitengo kuti anyamule zochuluka, anali atatsamira khoma. Pambali atsikana ankagawa makalawo m'timapepala ting'onoting'ono ta mphika umodzi, poti ambiri kuno amagula za tsiku lomwelo. Ambiri mwa makalawa amalowa ndi msewu wa Mumbwa, umene umadutsa m'mphepete mwa Kanyama. Mu Epulo 2024 boma linaletsa kuotcha makala ku Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi, ndipo awiri mwa maboma amenewa ndi oyandikana ndi Kafue National Park. Mtengo unakwera, koma matumba sanasiye kufika. Ine sindingaloze chala mayi wogula kathumba koti ana adye nsima usiku, magetsi kulibe, gasi sangamukwanitse. Ndinangoona kuti nkhalango za kufupi ndi mapaki zimabwera mu Kanyama tsiku lililonse, zitapsa kale, pamene anthu a mu Kanyama sanazionepo zili zobiriwira. Nyama nayo imabwera motero, yofutsa, yokulungidwa m'nyuzipepala, yogulitsidwa monong'ona. Bungwe la Wildlife Crime Prevention linayambitsa kampeni yotchedwa This Is Not A Game mu 2017 chifukwa Lusaka ndi msika waukulu wa nyama yopha mozemba.

Minibasi inatitula pafupi ndi City Market. Makondakitala ankakuwa Matero, George, Chawama, Chilenje, Mtendere, aliyense akumenya chitseko cha basi yake. Mayina onse a mzinda anamveka, koma la paki silinamveke, chifukwa kulibe basi yokafika pageti. Apa ndiye pagona vuto loyamba kwa munthu wa m'komboni. Ndalama yolowera si imene imamulepheretsa kwenikweni, poti nzika zimalipira yochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Chomulepheretsa ndi galimoto. Ngakhale atabwereka takisi mpaka pageti, mkatimo misewu ndi yaitali ndipo nyama sizikhala pakhomo. Ife tinali ndi mwayi wa msuweni wanga wa ku Kalingalinga, wowotcherera zitsulo, amene ali ndi kagalimoto konyamulira mafelemu.

Msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalingako, wotchedwa dzina la woimba ndi muulutsi wa pawailesi amene anafa mu 1978, ndi fakitale yopanda denga. Mbali zonse ziwiri aimika mageti, mafelemu a zitseko, timanyumba ta agalu, miphika ya maluwa ya simenti, milu ya mchenga ndi ya miyala yophwanya. Miyalayo amaphwanya amayi ndi hamala, atakhala pansi miyendo tambalale, mwana ali kumbuyo. Tsikulo makina owotcherera anali chete podikira magetsi, ndiye msuweni anavomera ulendo mosavuta, bola tithire mafuta.

"Asuweni, ku malo kwamene uko ine nenze kuganiza kuti ni kwa azungu chabe," anatero akupukuta mpando.

Munthu ameneyu anawotchererapo mageti ndi mabedi a malo ogona alendo a kumapaki, katundu n'kukwezedwa pa lole iye n'kutsala. Zokopa alendo zimadutsa m'makomboni mwa njira imeneyo. Wophika wa mu hotela amagona ku Mtendere, wochapa nsalu zoyala ku Chawama, mlonda ku George, dalaivala wokatenga alendo pa Kenneth Kaunda International Airport ku Matero. Mlendoyo amagona usiku umodzi, mwina n'kugula chosema pa Kabwata Cultural Village, kenako n'kukwera kandege ka ku Mfuwe kapena ku Livingstone. Malipiro a antchitowa ndi enieni ndipo amadyetsa mabanja. Koma wogwira ntchito kukhitchini ya ukwati samadziwa nthawi zonse kukoma kwa gule wa pabwalo.

Ku Mtendere tinatenga ana atatu a msuweni ndi mnzawo mmodzi amene anangokwera osaitanidwa, amayi ake n'kumuthamangira ndi juzi. Wamkulu mwa iwo, mtsikana wa giredi 9, anati kusukulu kwawo kuli kalabu ya Chongololo. Mtima wanga unadumpha, chifukwa nane ndinakulira m'kalabu imeneyo. Makalabu amenewa anayamba m'zaka za m'ma 1970 pansi pa bungwe limene lero ndi Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, ndipo pulogalamu yawo ya pawailesi inaphunzitsa ana a m'badwo wathu kusiyanitsa mphalapala ndi ngoma tisanazione. Ambiri a ife sitinazionebe mpaka imvi. Mtsikanayo anali ndi kope m'manja loti akalembe mayina a zonse zimene akaone.

Tinadutsa ku Kabulonga, kumene mipanda imatalika kuposa nyumba za ku Mtendere, n'kulowa msewu wa Leopards Hill. Ana anangoti zii. Ndinazindikira chifukwa chake nditaona mitanda ndi nkhata zofota kuseri kwa mpanda. Msewu umenewu anthu a ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni amaudziwa bwino, koma amaudziwira pa lole, akuimba nyimbo za maliro. Kamnyamata kosaitanidwa kaja kanaloza n'kunena kuti agogo ake ali m'menemo. Kwa iye msewu unkathera pamanda. Sankadziwa kuti umapitirira.

Chakumanzere, kuseri kwa Bauleni ndi nyumba zatsopano za madenga owala, kuli zotsala za nkhalango ya nambala 27, Lusaka East. Nkhani yake ndiyenera kuikamba, chifukwa wofuna kudziwa tsogolo la paki ayambe wayang'ana m'bale wakeyu. Inatetezedwa mu 1957 chifukwa ndi kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, umene umatsikira ku Chongwe m'dziko la Asoli. Mu 1983 boma linaichotsa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa. Mitengo inagwa, mchenga unakumbidwa, ndipo mtsinje unayamba kuphwa. Anthu okhala ndi kulima m'mbali mwa Chalimbana anasonkhanitsa masiginecha n'kudandaula, mpaka mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anaibwezera chitetezo. Kuyambira 2017 mpaka 2019 zigawo zake zinadulidwanso ndi zikalata za boma, mapoloti n'kugawidwa, ndipo manyuzipepala anatchula mayina a akuluakulu a nthawiyo pakati pa olandira. Amene anapita kukhoti anali omwe aja: bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust pamodzi ndi Asoli. Kawiri konse nkhalango inavulazidwa ndi cholembera, ndipo kawiri konse oimirira anali anthu odziwa chimene amamwa kuchokera m'menemo. Mfuti ya msilikali wa nyama imathamangitsa wotchera misampha, koma siingaletse siginecha.

Titakhota kulowa msewu wa Chifwema, nyumba zinayamba kutalikirana. Kenako kunabwera mipanda ya mafakitale a Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, dera la mahekitala 2,100 limene nalo linadulidwa m'nkhalango ya nambala 26 yomwe ija. M'menemo mulinso minda iwiri ya magetsi a dzuwa, Bangweulu ya mamegawati 54 ndi Ngonye ya mamegawati 34, zimene zinayamba ntchito mu 2019. Ntchito n'zofunika, magetsi n'ofunika, ndipo achinyamata a ku Bauleni ndi Chawama amadzuka mbandakucha kukafola pamageti amenewo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti zonsezi zakhala pamwamba pa thanthwe lobooka lija, pamene chilichonse chotayika pansi chimapeza njira yopita kumadzi. Pamenepa woyang'anira zonyansa za m'fakitale ndi wofunika mofanana ndi wolondera chipembere.

Pageti asilikali a Department of National Parks and Wildlife, nthambi imene inalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA mu 2016, analemba nambala ya galimoto, kuona zitupa zathu ndi kuwerenga ana. Anatichenjeza kuti tisachoke mumsewu, tisathamange, tisadyetse nyama, tisataye chilichonse, ndiponso tisayatse moto pena paliponse kupatula pamalo okonzedwa. Geti linatsekedwa kumbuyo kwathu, ndipo chinthu choyamba chimene ndinamva ndi kusowa kwa phokoso. Mphepo inali yomwe ija ya ku Kanyama, koma kuno inalibe pulasitiki yoti iulutse. Inkangoweramitsa udzu wouma ndi kugwedeza masamba atsopano a miombo, amene nyengo imeneyi amaphuka ofiirira ngati magazi a nkhuku, mvula isanagwe n'dontho lomwe.

Paki imeneyi ndi ya nambala 20 ndiponso imodzi mwa mapaki ang'onoang'ono kwambiri a Zambia: mahekitala 6,715 okha, pamene Kafue ndi masikweya kilomita 22,400. Inakhazikitsidwa mu 2011 ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anaitsegula mu Juni 2015. Isanatchingidwe ndi waya inali itadyedwa kale ndi ootcha makala, okumba miyala ndi olima, ndipo zipsera zake zikuonekabe. Mitengo yambiri ndi yophukira pazitsa, nthambi zitatu kapena zinayi kuchokera pa tsinde limodzi, ndipo apo ndi apo pali maenje amene udzu wayamba kuwaphimba. Nyama zake n'zochita kubweretsa pa malole, zopitirira 1,000. Mikango kulibe. Wozolowera Luangwa angaipeputse, koma ine zitsa zophukazo zinandigwira mtima kuposa mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa sinaifikepo.

Zoyamba kuoneka zinali nkhanga, ndipo ana anaziseka poti amazidziwa. Kenako njiri zitatu zinadutsa michira ili njo. Nswala zinatiyang'ana pang'ono n'kupitiriza kudya. Pamene mbidzi zinatulukira m'mphepete mwa msewu, msuweni anazimitsa injini osauzidwa ndi munthu. Zinali zisanu ndi ziwiri, ina ndi mwana, ndipo zinaima pafupi moti tinkamva kupuma kwake ndi kulira kwa ziboda pamwala. Mtsikana wa kope uja analemba mbidzi, n'kufufuta, n'kuyamba kujambula. Nyumbu tinaziona patali, nyamalikiti mutu wokha pamwamba pa mitengo ya mthethe. Chipembere sitinachione. Ndinawafotokozera kuti zipembere zoyera ndizo zinali nkhani yaikulu pamene paki inkatsegulidwa, ndi kuti mu Zambia chipembere chimalonderedwa ndi mfuti usana ndi usiku, chifukwa zakuda zimene zinadzaza Luangwa zinaphedwa mpaka mu 1998 dziko linavomereza kuti zatha, ndipo zinachita kubwezeretsedwa ku North Luangwa kuyambira 2003.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo tinali pa Wildlife Discovery Centre, malo a bungwe la Game Rangers International, limene mu 2022 linasamutsira kuno malo olerera ana a njovu amasiye kuchokera ku Lilayi. Alendo amakwera pa nsanja ya matabwa n'kudikira. Panali mabanja angapo a mumzinda, azungu ochepa ndi makamera awo, ndi ife a kagalimoto ka mafelemu. Tinauzidwa kulankhula motsitsa mawu. Kenako kutchire kunatuluka fumbi, ndipo ana a njovu anabwera akuthamanga motsogozana, makutu ali pepepe, aliyense kulunjika kwa mlezi wake amene ananyamula botolo lalikulu la mkaka. Wina anakulunga botolo ndi chitamba n'kumwa yekha. Atatha analowa m'matope, kugubuduzana, kudzithira dothi pamsana.

Mwana wa mlongo wanga anagwira chitsulo cha nsanja ndi manja awiri. Anakhala nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anandikoka malaya.

"Amalume, kansi zili na tsitsi!"

Tsitsi limenelo pa 50 ngwee silioneka. Wofotokozera anatiuza kuti aliyense wa anawa ali ndi mbiri yowawa: wina amayi ake anawomberedwa ndi ofuna minyanga, wina anasiyidwa pamene anthu ankapirikitsa njovu m'minda, wina anagwera m'dzenje. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo mwana wake sangakhale moyo popanda mkaka kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Alezi amawamwetsa maola atatu alionse, usiku womwe. Akasiya kudalira kwambiri mkaka amawatengera ku Kafue National Park, kumene amazolowera tchire pang'onopang'ono, zaka zambiri, mpaka adzasankhe okha kusabwerera kukhola. Mmodzi mwa amasiye oyambirira, Chamilandu wa ku South Luangwa, anabereka mwana wake mu 2019.

Kamtsikana kakang'ono ka msuweni kanafunsa ngati kangakhudze kamodzi kokha. Anakakaniza mwaulemu, ndipo ine ndinagwirizana nawo ngakhale kanagwetsa nkhope. Njovu imene yazolowera manja a munthu aliyense idzapita kwa munthu ikadzakula, ndipo munthu wa kumudzi amene chimanga chake chili m'munda sadzaifunsa kumene inakulira. Kuonera kuli ndi nthawi yake yochepa, kamodzi pa tsiku, mlendo ali pamwamba, njovu zili pansi. Zinyama zina m'maiko ena zimakwezedwa alendo pamsana ndi kujambulitsidwa tsiku lonse mpaka kutheratu ulemu. Kuno ndalama ya mlendo ikulowa koma njovu ikukonzedwera kutchire, ndipo dongosolo limeneli ndi loyenera kulisunga ngakhale alendo atachuluka chotani. Malowa amalandiranso ana a sukulu kudzaphunzira, ndipo pakhoma panali zojambula zawo.

Tinadya buledi ndi mazira owiritsa pamalo opumira, mapepala n'kubwezera m'chikwama. Msuweni ankayendera zitsulo za pamalopo ndi maso a mmisiri, akugogoda apa ndi apo. Ine ndinkaganiza za funso la mayi a pampopi. Ku Luangwa funso limenelo linayankhidwa kale, ngakhale mosakwanira. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule malo a nyama, alendo azilipira, ndalama zizipita kwa anthu a mfumuyo. Lero mapaki akuluakulu azunguliridwa ndi madera 36 otchedwa Game Management Areas, ndipo anthu a m'menemo ali ndi makomiti awo, Community Resources Boards, amene amayenera kulandira gawo la ndalama za nyama. Amadandaula kuti zimachedwa ndiponso n'zochepa, koma khomo lodandaulira lilipo. Paki ya Lusaka ilibe dera lotere. Anansi ake ndi midzi ya ku Shantumbu, mapoloti, mafakitale, ndipo kuseri kwa zonsezo mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, ambiri a iwo okhala m'makomboni. Kanyama yokha, monga dera la phungu, inapezeka ndi anthu opitirira theka la miliyoni pa kalembera wa 2022. Waya unatsekera kunja mayi wotola nkhuni ndi mnyamata wodyetsa mbuzi. Ngati gawo lawo silingabwere ngati ndalama, libwere ngati ntchito, ngati madzi otetezedwa, ndiponso ngati mwayi wolowa.

Alipo amene amaopa kuti anthu a m'komboni akachuluka paki idzawonongeka. Mantha amenewa sindiwapeputsa: mahekitala 6,715 otchingidwa ndi ochepa, chaka cha chilala udzu ndi madzi zimachepa, nyama sizingasamuke, ndipo ndudu imodzi mu Ogasiti ingathe kutentha theka la paki. Koma taonani masamu ake. Basi imodzi ya anthu 60, yoyenda pa nthawi yoikika, mumsewu woikika, muli wofotokozera, imapondereza nthaka ndi kusokoneza nyama pang'ono kuposa magalimoto 20 a anthu atatuatatu, aliyense akukhota kumene wafuna. Basi yonyamuka Loweruka pa Kanyama, ina pa Matero, ina pa Chawama, mtengo umodzi wophatikiza ulendo ndi geti, ofotokozera ake achinyamata a Chongololo ophunzitsidwa bwino ndi kulipidwa: zimenezi sizifuna ndege kapena hotela. Mlendo wakunja amabwera mwezi wa Juni mpaka Okutobala, ndipo mliri ukagwa, monga tinaonera mu 2020, sabwera n'komwe. Wa ku Mtendere ali pompano chaka chonse.

Ku Kenya, Nairobi National Park yakhalapo kuyambira 1946, komabe njanji yatsopano inadutsitsidwa pakati pake pa mizati, mzinda utaipanikiza mbali zitatu. Lusaka ikukula molowera komweku. Titaima pamalo okwera tinaona madenga a malata akunyezimira kuseri kwa waya, pamene zaka zochepa zapitazo panali tchire. Tsiku lina munthu wina adzayang'ana mahekitala amenewa n'kuwerenga mapoloti. Chalimbana inali ndi alimi ake oilankhulira. Ndinayang'ana ana asanu aja akukangana ngati chimene anaona patali chinali ntchefu kapena ng'ombe, n'kuganiza za anzawo a m'kalasi, makumi asanu ndi limodzi kapena kuposa m'chipinda chimodzi, amene akadali ndi njovu ya pa kandalama.

Pobwerera, titafika pamanda paja, palibe anakhala chete. Ankatsanzira kathamangidwe ka njiri. Msuweni anatitula m'tauni dzuwa litafiira ndi fumbi, n'kunena kuti ulendo wina adzatenga akazi ake ndi apongozi. Tinalowa mu Kanyama kuli chisisira. Magetsi anali asanabwere, ndipo pakhomo lililonse mbaula inkanyeka, utsi wa malasha utayala m'tinjira.

Mayi aja tinawapeza pompaja, zigubu zawo zitasendera kutsogolo pang'ono.

"Mwaziona nyama zija?"

Mnyamata sanandipatse mpata. Anafotokoza za botolo, za matope, za tsitsi, manja akuthandiza pakamwa, mpaka amayi ena a pamzere anasendera pafupi. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa za ndalama: pageti zingati, mwana zingati, mafuta angati. Ndinawauza zonse monga tinalipirira. Anawerenga pa zala, n'kunena kuti pa chilimba chawo, gulu lawo losonkherana ndalama, alipo amayi 14, ndipo mwana wa mmodzi wa iwo amayendetsa minibasi imene Lamlungu masana imangokhala. Wina anafunsa ngati amalola kulowa ndi mphika wa nsima yophikaphika. Wina anafuna kudziwa ngati nyamazo sizilumpha waya. Ndinali ndikufotokoza pokhotera, kuti ukapitirira manda ndi Bauleni usaphonye msewu wa Chifwema, pamene babu la pa kantemba linayaka, ana a m'njira monse n'kukuwa. Patapita kanthawi mpopi unayamba kutsokomola mpweya, ndipo aliyense anathamangira chigubu chake.